Helikopita Yosadontha

Mukadzafika pa Katete n'kumva madala akuitana munthu kuti "a Payiloti", musadzaganize kuti munthuyo anakwerapo ndege. Munthuyo ndine, ndipo kutali komwe ndinafikako kumwamba ndi padenga la nkhokwe. Dzinali ndinalitola chifukwa cha ntchito yolimba kuposa zonse zomwe manja angawa anagwirapo (ndikunena izi osaseka).

Ine ndine wokhoma zidebe. Zaka zija tinkaima pamzere kulimbirana shuga ndi sopo, ndinkakhomera pakhonde la sitolo ya Che Amidu, Msilamu wobadwira ku Malawi amene anakalambira kuno. Khonde limenelo ndilo linkandidyetsa: mthunzi ulipo, mvula sikufika, ndipo wotuluka m'sitolo aliyense ankapunthwa pa ndowa zanga. Lamulo langa linali limodzi, loti chotuluka m'manja mwanga sichidontha. Kaya ndi ndowa, kaya ketulo, ndinkathiramo madzi mwini wake akuona, n'kukweza m'mwamba kuti aone yekha pansi pouma.

Mwana wa Che Amidu, amene ankagwira ntchito kunja, anawabweretsera kahelikopita kotalika ngati mkono wanga. Kanali ndi injini yeniyeni yomwa mafuta, ndipo ankakaulutsa ndi kabokosi ka wayilesi kokhala ndi timitengo tiwiri. Madalawo ankakakonda ngati mdzukulu. Tsiku lina kanakawomba bulugamu, thupi lake lapulasitiki n'kusweka, koma injini ndi mafupa achitsulo zinapulumuka. Mwana uja anatumiza pepala lojambulapo thupi latsopano, lofanana ndi la helikopita zazikulu, miyeso yonse ilipo. Kuitanitsa katundu kunja masiku amenewo kunali kulota, choncho Che Amidu anatulukira pakhonde, pepala lili m'manja.

"Amisiri, mungaipange iyi?"

"Che Amidu, ine napanga ndowa za anthu kuchoka pano mpaka ku Sinda. Iyi ni ketulo chabe ya mchira."

"Mwana walemba kuti ikhale yopepuka. Mutsate pepala, osaonjeza nzeru."

"Osada nkhawa," ndinatero, ndipo nzeru ndinayamba kuonjeza madzulo omwewo.

Choyamba linali lata. Zitini za mafuta ophikira zikanakwana, koma ine kupatsa mwini khonde chinthu chazitini? Anthu akanati chiyani? Ndinatenga lata la ndowa, lija loti ng'ombe ikaponda imapweteka yokha. M'mphepete monse ndinapinda n'kulowetsamo waya, monga timachitira pamlomo pa chidebe kuti pasapindike.

Kenako ndinafika pa mabowo. Papepalapo panali timawindo tisanu ndi kamodzi pafupi ndi injini, ndi chibowo china chachikulu kumimba. Ndinapukusa mutu, kuwamvera chisoni anthu akunja. Munthu n'kupanga ndege yabwinobwino, n'kuisiya yong'ambika chonchi? Nanga mvula ikaipeza m'mwamba? Ndinasiya pongotulukira mtengo wa mapiko, pa mchira, ndi pa kapaipi ka utsi. Poyatsira injini ndinaikapo kachitseko kothina ngati chivundikiro cha ketulo. Timawindo tija ndinatijambula ndi penti yakuda, tonse tisanu ndi kamodzi (pajatu anati nditsate pepala).

Nditamata mizere yonse ndi mtovu, ndinatseka mabowo atatu aja ndi nsanza n'kudzaza thupilo ndi madzi kuseri kwa nyumba. Dontho ngakhale limodzi! Akazi anga, a Naphiri, anandipeza ndikulikweza m'mwamba, mano onse pamtunda.

"Kodi ndegeyi izikatunga madzi?"

"Inu zamisiri zisiyeni."

"Chabwino. Koma Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo."

Kulowetsa mafupa aja m'thupi kunanditengera masiku awiri. Mabowo a timabawuti sankakumana, ndiye pena ndinakhoma, pena ndinamanga ndi waya. Mchira unkalemera kumbuyo, koma ndinati m'mwamba zikadziwongola zokha. Che Amidu ataiona, itapakidwa penti yobiriwira, anamwetulira mpaka ndevu kugwedera. Magalasi awo anali atawasiya pakauntala. Atainyamula anati, "Yalemerako, amisiri." Ine ndinati kumeneko ndiye kulimba kwake.

Loweruka masana tinapita kubwalo la mpira. Anthu anadzaza, ndipo wowaitana ndinali ine ndemwe, msika wonse, mpaka ogulitsa tomato. Ndinavala jekete. Che Amidu anayatsa injini, ine n'kutseka kachitseko kanga kuti thi! Mapiko anazungulira, fumbi linakwera, amayi anagwira mipango. Helikopita inanjenjemera, inadzuka kufika m'bondo, mchira ukukwekwereza pansi, n'kukhalanso ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Ikutenthetsa thupi!" ndinawauza anthu. Sindinadziwe kuti ndikunena zoona.

Che Amidu anakankha kamtengo mpaka kumapeto. Injini inalira mokuwa, ndegeyo inadumphanso kawiri, n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Kenako ndinamva fungo lomwe wokhoma zidebe aliyense amalidziwa, la penti yopsa pa lata. Injini inatsokomola kamodzi n'kukhala zii. Ndinathamanga kukaigwira, inandiwotcha zala, ndipo ndinavina pabwalopo gule amene sindinaphunzirepo. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "A Payiloti, mwatera bwino?" Bwalo lonse linagwa ndi phwete.

Che Amidu sanaseke. Anavala magalasi, anagwada, n'kudikira lata lizizire. Kenako anayendetsa chala pa timawindo tanga, kamodzikamodzi. Chala sichinalowe.

"Amisiri," anatero motsitsa mawu, "mbaula mumapanga?"

"Nimapanga, Che Amidu."

"Mumaiboola chifukwa chani?"

"Kuti moto upume."

Anangogwedeza mutu. Ine mbaula ndinali nditaboola zosawerengeka, ndipo yankholo linatuluka lokha m'kamwa mwanga, anthu onse akumva. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Injini ija inapsa m'kati, sinalirenso mpaka kalekale. Lolemba palibe anandithamangitsa, koma manyazi anandinyamulitsa zida kukakhala pansi pa mango, tsidya la msewu. Milungu itatu ndinakhoma pamenepo, masamba akugwera mumtovu, mitambo ya mvula ikusonkhana, ogula akupita kwina. Koma chinkandipweteka koposa chinali kuona madala aja Loweruka masana atangokhala pakhomo, manja ali pamaondo. Mphatso ya mwana wawo ndinali nditaiphika ine.

Tsiku lina ndinawaona akuoloka msewu atanyamula ketulo yawo yosambira popita kukapemphera. Anaiika pamapazi anga.

"Ikudontha. Iyi mutseke mabowo onse, siipita kumwamba." Anatembenuka, kenako anaimanso. "Ndipo mukonzere pakhonde. Ine nakalamba, siningaoloke msewu kawiri."

Ketuloyo ndinaimata misozi ikulengeza, ndipo ndinakhala pakhondepo mpaka tsiku lomwe tinakawaika m'manda. Phunziro ndinalimva: pepala likati bowo, boolani. Koma thupi la helikopita lija a Naphiri analidula pamwamba, ndipo abakha athu akumweramo mpaka lero. Mlendo aliyense ndimamutengera kuseri, ndimalikweza m'mwamba, n'kumuuza kuti aone yekha pansi pake.