Tsiku limene ndinakwecha beneti ya a Harold

Abale anga, ukhondo ukhoza kumuchotsetsa munthu ntchito. Ine ndinangotsala pang'ono.

Mukudziwa kuti ndimasamalira bambo wina wokalamba wachizungu ku Springfield kuno ku Amerika, a Harold. Munthu wabwino ndithu, koma ali ndi nthenda yopanda mankhwala: kutolera mipeni yakale ya apolisi a ku Jeremani, ija ankaisomeka kunsonga kwa mfuti, amati beneti. Chipinda chonse mipeni yokhayokha, ina m'magalasi, ina pakhoma, yonse yosagwira ntchito.

Loweruka lina anandiuza kuti kukubwera anzawo atatu kudzaona beneti imene anali atangoipeza kumene, ndiye ndikonze m'nyumba ndi kakudya pang'ono. Iwo anakapumula. Ndikusesa, ndinaiona ili pathebulo. Mayo ine! Yakuda bii, madontho a dzimbiri, kuchigwiriro kukulendewera kachingwe ka mphonje konunkha nkhungu. Ndinati, alendo aone zimenezi ine ndilipo? Si adzati mayi wa ku Malawi uja ndi waulesi?

Kachingweko ndinakamasula n'kukaponya m'makina ochapira limodzi ndi masokosi. Mpeniwo ndinaupaka sopo, n'kuukwecha ndi sitiliwulu monga ndinkachitira mapoto kwathu ku Ntcheu, timaluwa ndi timalemba tinali pamenepo tonse balala, mpaka ndinadziona nkhope. Kuyesa ndi chala, wobuntha! Apolisi amenewa ankaopseza akuba ndi chiyani? Ndinatuluka panja n'kuunola pasitepe ya simenti. Ndiye mpeni wathwa, chivwende cha alendo chili pomwepo, inu mukanatani?

Alendo anafika, madoda atatu aimvi, aliyense n'kuvala magolovesi oyera ngati akukagawa mgonero. Mmodzi anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu. Ndinamva a Harold akuitana: "Esinati, beneti yanga waiona?"

Ine ndi uyo kutulukira ndi mbale, chivwende chodula mwaluso, beneti ili njo pakati, ikung'anima, madzi ofiira akuyenderera.

Wakagalasi uja anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando.

"Dzimbiri lija lili kuti?" anafunsa a Harold.

"Ndachotsa, bambo. Musathokoze, ndi ntchito yanga."

Kadzidzi akanalira pamenepo ndikanamvetsa. Anandifotokozera kuti kuda kuja ndi kumene anthu amakufuna, dzimbiri ndiye umboni wa zaka, ndipo mpeni umenewu unali wovala pa perete basi, sunanoledwepo chiupangireni. Atafunsa za kachingwe, ndinakabweretsa kali ulusi wokhawokha, katamatirira kusokosi.

A Harold anagwira mutu. "Yapulumuka nkhondo, yawoloka nyanja, yatha zaka pafupifupi zana, kudzafera m'khitchini mwanga!"

Ine pofuna kuwatonthoza ndinati, "Koma ikudula bwino tsopano."

Masiku atatu osandilankhula. Foni ikalira ndinkangoti basi, ndi a ku ejensi imene inandipezera ntchito ija, ntchito yatha, ana kumudzi adya mabeneti. Anandikhululukira tsiku lachinayi, mwina chifukwa palibe wina amene amatha kuwamwetsa mapiritsi, koma chipinda chija anachiika loko, kiyi amayenda naye m'khosi.

Ndinalumbira, anzanga. Ku Amerika kuno ndikaona chinthu chauve, sindichigwiranso. Ndimayamba ndagwada, n'kuchifunsa zaka.