Mbale Zisanu ndi Imodzi za a Nduna

Lolemba

A Tcheyamani a nthambi yathu afika ndisanasukusule. Loweruka kukubwera a Nduna ku msonkhano wa chipani pa Kandeu, ndipo nthambi iliyonse ipereke mphatso. Ife akuti tipereke mbale zamtengo zisanu ndi imodzi, a Nduna adyeremo masana, akatha anyamule. "Inu amisiri, mutiveke ulemu." Ndawauza poyera kuti ulemu wa masiku asanu ndi wothamangitsa, akanabwera mwezi watha. Aseka ndi mano okha. Ndavomera, poti za chipani sakana.

Zofunika:
- chipika chouma bwino, chopanda mfundo
- kusoka lamba wa makina, makoswe anamulawa
- mafuta a mtedza opaka pomaliza
- munthu wopalasa amene sakonda macheza

Makina anga ndinapanga ndekha: njinga yakufa, lamba wa pachigayo ndi ekiselo ya ngolo. Wina apalasa, mtengo uzungulira, ine ndigwira tchizulo. Palibe anandiphunzitsa, ndiye palibenso angandiuze.

Madzulo alamu anga a Jailosi abwera ndi chipika pangolo. Anachipeza kumtsinje, chinagwa ndi mvula ya dzinja lathali, makungwa anasupuka kale. "Mtengo wanji uwu, alamu?" Ndapala pang'ono, ndanunkhiza, ndanyambita. M'bawa. Ine mtengo sindiufunsa kawiri dzina.

Lachiwiri

Kucheka kokha kwatidyera m'mawa wonse. M'bawa wake wouma mutu ngati wa mwala. Matchizulo awiri abuntha ndisanafike pakati pa mbale yoyamba. Kunola, kusema, kunola.

A Jailosi ndiwo akupalasa. Aliyense wodutsa pamsewu amupatsa moni, ndipo akamapereka moni miyendo imaima. Ndawauza kuti pakamwa ndi miyendo sizinamangidwe ndi lamba mmodzi. Iwo akuti, "Komatu m'bawa sulemera chonchi." Ndawafunsa kuti mmisiri pano ndani. Apalasa mwaukali, mpaka ntchito yayenda.

Ndauyang'ananso mtengowo dzuwa lili pamutu. Ndi muwanga. Dzulo sindinalakwe, kunali kutayamba mdima.

Mbale imodzi yatha. Yofiirira, mizere yake yopiringizana ngati tsitsi loluka, ikuwala ndisanapake kanthu. Ndaiyang'ana nthawi yaitali. Ndayetsemula kwambiri lero, mwina ndi mphepo ya kuphiri.

Lachitatu

Kuyetsemula chidzukireni. Maso ofiira ngati ndagona kumowa. A Jailosi kamfuno kawagwira kawiri, akupalasa atatseka mphuno ndi kansanza.

Mkazi wanga Najere wasamutsa mphasa ya ufa, waiyanika kuseri kwa khola. Akuti nkhuku zake, zimene masiku onse zimafukula mu utuchi wanga, lero zikulambalala. Akutinso chipika chagona pansi miyezi yonseyi koma chiswe sichinalawe n'komwe. Ndamuuza kuti tsiku limene nkhuku idzaseme mbale ndidzaifunsa maganizo.

Mbale zitatu tsopano. A Tcheyamani abwera kudzaona, azigwira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda. Akufuna dzina la mtengo kuti akalitchule polankhula pamaso pa a Nduna. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene muwanga, koma muwanga sufiira chotere. Ndati mlombwa wa kumtsinje. Alemba m'kope. A Jailosi kumbuyoku akuwerenga ndi zala: "M'bawa, muwanga, mlombwa. Mawa ukhala papaya." Ndikanawaponyera tupa akanapanda kukhala mlongo wake wa Najere.

Lachinayi

A Jailosi sanabwere. Atumiza mawu kuti mutu ukuwang'amba, ndipo njinga yosapita kulikonse atopa nayo.

Najere wamanga chitenje, wakwera yekha. Akupalasa mosadukiza, osapereka moni kwa munthu, nsalu atakulunga kumphuno. Zaka zonsezi ndakhala ndikuvutika ndi mlongo wake, pomwe wopalasa weniweni ali m'nyumba momwemo!

Dzuwa likupendeka, zisanu ndi imodzi zatha. Ndazipaka mafuta, ndazindanditsa pakhonde. Ukagogoda imodzi ndi chala ikulira ngati kabelu. Zaka makumi awiri ndikusema, zotere sindinatulutsepo. Anthu akuima pamsewu kusuzumira. A Tcheyamani akuti auza kale akuluakulu a ku boma kuti mphatso ya nthambi yathu idzagwetsa zonse.

Mikono ikuyabwa mpaka m'zigongono. Si kanthu.

Lachisanu

A Chidothi, madala a kutsidya, abwera kudzafuna mpini wa nkhwangwa. Aona chidutswa chotsala cha chipika, achitembenuza ndi ndodo. Kunsi kwake, kumene kunali pansi, kwatsala kakhungwa ngati chikhatho. Aweramira osakhudza. Abwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Mwana wanga, bambo anga anali mapondera, aja ankasinja mwavi womwetsa anthu oganiziridwa ufiti. Khungwa ili ndinkawanyamulira m'thumba. Uwu ndi mwavi."

Ndakalipa. Ndati maso awo anatha, ndati pamudzi pano aliyense wasanduka kalipentala, ndi nkhuku zomwe. Andisiya ndimalize. Kenako akuti, "Ngati ndi mlombwa, tungani madzi m'mbale imodzi mumwe."

Ndatunga. Ndaigwira. Ndayang'ana madziwo, madziwo andiyang'ana. Ndakathira kudzala.

Ndipo Lolemba ndinanyambita!

A Chidothi akuti ululu umakhala m'khungwa, thabwalo mwina silipha. Mwina. Koma mawu akuti mwina ndikawanenera kuti? A Nduna angodwala m'mimba ndi nyama ya mbuzi, wina n'kunong'ona dzina la mtengo, basi. Ngakhale asadwale. Mbale za mwavi, zoperekedwa pamsonkhano wa chipani, zosemedwa ndi munthu amene mudzi wonse umadziwa pakamwa pake. Anthu atengedwa osatsanzika ndi ana awo pa nkhani zochepera apa.

A Chidothi anyamuka osatenga mpini. "Ine lero sindinafike kuno."

Njira zimene ndaganiza:
- kuwauza zoona a Tcheyamani (adzafunsa chifukwa chake ndinawalembetsa mlombwa)
- kusema zina (ndi mtengo uti, nthawi iti?)
- kudwala (mbale azidzatenga ndili chigonere)

Najere akuti, "Nenani kuti zang'aluka, mtengo unali wauwisi." Ine! Mbale yanga sinang'alukepo, ndipo bodza ndilibe nalo luso. Iye akuti luso limabwera ndi kuyeserera, ndiyambe tsopano.

Loweruka

Mbandakucha Najere wandidzutsa. Akuti a Tcheyamani sangakhulupirire ndi makutu, adzafuna kuona. Ndatenga nkhwangwa ndi mbale zija, ndapita nazo kuseri kwa nkhokwe.

Yoyamba ndamenya kanayi isanavomere. Nkhwangwa kumangodumpha. Mtengo wabwino chotere! Yachisanu ndi chimodzi, ija yoyamba kusema, ndaipatsa Najere kuti amalize, ine ndayang'ana kumbali.

Ndanyamula zibenthu m'dengu mpaka kwa a Tcheyamani. Bodza latuluka lopunduka, koma anali okwiya kwambiri moti sanalione. Andinyoza pamaso pa amayi ovina atavala kale nsalu zawo za msonkhano. Akuti ndine mmisiri wa pakamwa. Akuti munthu wosasiyanitsa mtengo wouma ndi wauwisi azisema zipande. Mayankho anayi abwino anafika pa lilime. Ndameza onse.

M'malo mwa mbale atenga mbuzi yanga yaikazi, ija ya bere. Ndaiona pamsonkhano itamangidwa pakati pa matumba a kachewere, ikundiyang'ana. Ndawomba m'manja pamodzi ndi anzanga onse.

Lamulungu

Zibenthu, utuchi ndi chotsala cha chipika tataya m'chimbudzi chakale, takwirira. A Jailosi achira. Tagwirizana kuti iwo chipika sanatolepo, ngolo yawo Lolemba inali yothyoka.

Kutchalitchi aliyense wamva. Ena kundipepesa ngati pamaliro, ena kutsokomola ndikamadutsa. Titatuluka, a Sitefano, kalipentala wophunzira ku mishoni amene amapanga zitseko zosatsekeka, andiimika pakati pa anthu. Atola kathabwa. Andiphunzitsa pang'onopang'ono, mwachifundo, mmene munthu amagogodera mtengo kuti adziwe ngati wauma. Abwereza kawiri kuti ndimvetse. Najere wandiponda chala.

Ndati, "Zikomo aphunzitsi, ndagwira."

Ndili kwathu, pakhonde panga, ana akusewera pabwalo. Kuyabwa kukuchepa. Mtengo uja tsopano ndikuudziwa kuposa mmisiri aliyense m'boma lino la Ntcheu: kulemera kwake, fungo lake, mmene umabunthitsira chitsulo, ngakhale kakomedwe kake pa lilime. Ndipo wina akadzandionetsa n'kufunsa dzina, ndidzati sindikudziwa, akafunse a Sitefano.