Tsiku Limene Ndinagwira Akuba Feteleza

Anzanga, mukamandiona ndikuzungulira njira ya kuseri m'malo modzera pamsika, musamati a Mwale ayamba kunyada. Ndi manyazi amenewo! Ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikaikumbuka nkhaniyi, chifukwa cholinga changa chinali chabwino, inu.

Chinali chaka china cha makuponi, mvula itagwa kale, chimanga chitamera, fodya titawokera. Kuponi ndinali nayo, nditaikulunga m'pulasitiki n'kuibisa m'thumba la m'kati mwa jekete. Koma fetelezayo? Ukapita kudepoti akuti bwerani mawa, mawa lakelo akuti lole yafera panjira. Tinkangokhala pamzere kupsa ndi dzuwa, aliyense akunong'ona kuti matumba athu akuluakulu akuwabisa kuti adzagulitse kwa mavenda.

Tsiku limenelo ndinangoti ndisiye mwala pamalo panga pamzere, ndipalase njinga ndikazonde mlamu wanga amene ankadwala kuseri kwa boma, ndibwerenso. Basi, pulani inali yomweyo, yopanda tchimo.

Njira yachidule inkadutsa pamunda wakale wa esiteti ina, pamene tinamva kuti akufuna kumangapo nyumba zambiri za anthu apantchito. Ndikuponya maso, ndikuona galimoto yoyera, tenti, ndi anthu ali m'maenje a makona anayi owongoka bwino, atazunguliza zingwe. Sankakumba ndi makasu ayi, anali atagwada, akupala dothi pang'onopang'ono ndi timasupuni ndi timaburashi, chete ngati pamaliro. Pambali pake matumba oyera a feteleza, odzaza, omanga kukamwa, atawasanja bwinobwino n'kuwafunditsa lona.

Inu mukanaganiza chiyani? Nenani zoona! Maziko a nyumba munthu amakumba ndi supuni? Ine ndinadziwiratu kuti akukumba mwakachetechete kuti asamveke, akwirire feteleza wathu.

Kwa mlamu sindinafikeko. Ndinatembenuza njinga, liwiro la mtondo wadooka, mpaka kudepoti. Ndinakwera pachitsa n'kukuwa: "Abale anga! Ife tikupsa ndi dzuwa pano, feteleza wathu akumukwirira pansi! Ndamuona ndi maso angawa!"

A Phiri, bambo wachikulire amene timapemphera mpingo umodzi, anandikoka jekete. "A Mwale, mwamasula thumba n'kuona m'kati?"

"A Phiri, ine ndakulira pa esiteti. Thumba la feteleza ndingalidziwe ngakhale nditatsinzina."

"Chabwino, pitani. Ine miyendo ikundiwawa, ndikhala pompano."

Mzere wonse unasweka. Amayi a ana kumsana, matenanti, anyamata a kabaza, onse pambuyo panga, ine patsogolo ndikukankha njinga nditatukumula chifuwa ngati tambala. Fumbi kobo!

Titafika, munatuluka mayi wina m'dzenje, atavala chipewa chachikulu, mawondo ali mbuu ndi dothi. Anatilonjera mwaulemu. "Takulandirani, koma chonde musadutse chingwecho. Ndine Mayi Gondwe, timagwira ntchito yofufuza zinthu zakale. Pano panali mudzi wa makolo kalekale, ndiye asanamange nyumba tikutola zimene anasiya."

"Mudzi?" ndinatero ine. "Mayi, ine ndapalirapo fodya pamunda uno, mudzi sindinauonepo. Pezani bodza lina!"

Kumbuyo anthu anakuwa kuti, "Auzeni, a Mwale! Auzeni!" Anzanga, mawu oti auzeni amaledzeretsa kuposa kachasu. Ndinasolola kampeni, ndinavundukula lona, thumba loyamba ng'aa! Dothi. Dothi lofiira lenileni, khuthu pamapazi anga.

Ine m'malo mochita mantha ndinaseka. "Achenjera! Apamwambawa ndi ophimbira chabe." Lachiwiri ng'aa! Dothi. Lachitatu ng'aa! Munatuluka mapale, tizidutswa ta mbiya zosweka, makala ndi timafupa, zonse mbwee pansi.

Mayi Gondwe anagwira kumutu. "Bambo inu! Mwasakaniza za dzenje ili ndi za dzenje lija! Matumbawa tinagula opanda kanthu pamsika, timasungiramo dothi loti tisefe!"

Munthu wanzeru apa akanavula chipewa n'kupepesa. Koma anthu onse aja akundiyang'ana, ena ayamba kale kutsokomola mwachipongwe, ndibwerere bwanji? Ndinati, "Weniweniyo akwirira kale, ali apo!" Ndinaloza lona ina imene anayala pansi chapakati. Ndinalumpha chingwe, anyamata okumba aja akukuwa kuti imani, imani, ine ndikuti mwaona, akuopa. Ndinaponda palona paja mwamphamvu.

Pansi pa lona panalibe nthaka. Linali dzenje.

Ndinangomva dziko likundithawa, kenako khu! Ndipo pansi pa matako anga china chake chinati phwaa! Buluku nalo linang'ambika kuyambira kumbuyo mpaka pabondo. Nditasuzumira, ndinapeza ndakhalira mbiya. Mbiya yathunthu, yokhayo imene anaipeza yosasweka pamalo ponsepo, imene masiku onsewo ankaipukuta ndi kaburashi ngati khanda.

Mayi Gondwe anaima pamphepete pa dzenje, nandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, "Mbiya imeneyi inaumbidwa agogo a agogo anu asanabadwe. Yapirira chiswe, yapirira makasu, ngakhale thirakitala ya esiteti inadutsa pamwamba pake osaiswa. Kani imadikira inu."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo! Amayi ena mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Anthu omwe aja ankati auzeni! Alipo ndi mmodzi yemwe amene ananditambasulira dzanja? Ndikulimbana ndi lona m'dzenjemo, munthu wina anatulukira panjinga akukuwa kuti, "Lole yafika kudepoti! Ayamba kugulitsa!"

Kuphethira kamodzi, pamalopo panatsala fumbi lokha. Wina anakwera ndi njinga yanga yomwe. Amene ananditulutsa m'dzenje ndi anyamata okumba aja, omwe ndinkawatcha akuba, ndipo mmodzi anandibwereka chingwe choti ndimangire jekete m'chiuno kubisa pong'ambika.

Ndinafika kudepoti ndikutsimphina, chitseko atatseka kale. Feteleza anabwera wochepa, anagula ndi okhawo amene sananditsatire, ndi ena amene anathamanga kwambiri. Otsalawo anandizinga. Mayi wina anandiloza m'maso: "Chimanga changa chikafiira, ndidzabwera kudzadya kwanu ndi ana anga onse!" Chapatali a Phiri anali akumanga matumba awo panjinga, pang'onopang'ono, osapupuluma. Atamaliza anandiyandikira.

"A Mwale, akuba aja mwawagwira?"

Kunyumba ndinapeza nkhani itafika kale. Mayi a kunyumba anangochotsa mtsuko wa madzi pakhonde n'kukaubisa kuchipinda, ati poopa kuti ndingaukhalire. M'mawa mwake anandiperekeza okha kukapepesa kwa Mayi Gondwe. Mayi Gondwewo za kupolisi sanazifune, anangondipatsa sefa kuti ndisefe dothi lonse limene ndinakhuthula, ndikutola phale lililonse, anthu odutsa akundilonjera mwachipongwe kuti, "Mwaswera bwanji a Phwanyambiya?" Dzina limenelo linakakamira, ngakhale kumpingo ena amalakwitsa n'kundiitana choncho.

Kulakwa ndinalakwa, sindikukana. Koma ndikufunsabe, ndipo palibe amene wandiyankha: munthu wophunzira bwinobwino, chaka cha makuponi, anthu maso ali gwa kudikira lole, amatenga dothi n'kuika m'thumba la feteleza chifukwa chiyani? Masaka a fodya anasowa m'Kasungu monse muno?

Ine ndinalumbira. Ngakhale nditapeza anthu akukwirira lole yathunthu, matayala ali m'mwamba, dalaivala ali momwemo, ndidzangoti, "Ntchito yabwino, mabwana," n'kupalasa njinga yanga.