Mapanga Awiri a Dzimbiri

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo wokana kukhulupirira akafunse a Dzimbiri eni ake ku Ntcheu, ngati angamuyankhe.

Mu tchesi, ana inu, masewera akangoyamba umathawitsa mfumu yako pakati n'kuibisa pakona, kuseri kwa asilikali. Kwathu timati kulowa m'phanga. Mapangawo alipo awiri, kumanja ndi kumanzere, koma mfumu ikangosuntha phazi isanalowe, onse atsekeka. Ndi lamulo.

Tsono pa mpikisano wa boma lonse panatsala akatswiri awiri: a Dzimbiri ndi a Matewere, telala wa pamsika. Mphotho inali njinga. A Dzimbiri anabwera wapansi kuchokera kumudzi ndi akazi awo, Nasibeko, atanyamula khushoni ya pakaliyala.

A Matewere anasuntha kanayi, kachisanu n'kulowa m'phanga. A Dzimbiri anaseka chamumtima. Iwo anakonza njira ya kumanja, n'kukonzanso ya kumanzere, mfumu ili phee pakati.

“Achimwene, mfumu ikuwambidwatu ndi dzuwa,” ananong'ona a Matewere.

“Wosauka ndiye amathamangira nyumba imodzi,” anatero a Dzimbiri. “Ine ndili nazo ziwiri.”

Anayang'ana kumanja, napeza kavalo wa a Matewere akununkhiza komweko. Anayang'ana kumanzere, kunali bwino, koma mtima unati kumanja kukhoza kukomanso. Anakankha kamsilikali kuti aganize bwino. Ulendo wotsatira anakankha kena.

“Bambo a Eneti, lowani!” anakuwa Nasibeko pawindo. Woyang'anira mpikisano anawatsitsa.

A Matewere anatsegula pakati ngati akung'amba msoko. “Cheki,” anatero, kutanthauza kuti mfumu yaopsezedwa, ithawe.

Pothawira panali pamodzi pokha. Mfumu inasuntha phazi limodzi.

“Tsopano ndilowe kumanzere,” anatero a Dzimbiri.

“Pepani achimwene, atseka.”

“Kumanja?”

“Kiyi wake ndi yemweyo.”

Macheki anavumba, mfumu ikuzungulira pabwalo mpaka inagwa. Potuluka panja, nayo mvula. A Matewere anadutsa pa njinga, belu ngiri ngiri, n'kuima.

“Mlamu, khushoniyo ikugwira ntchito?”

Nasibeko anaipereka. Atayenda mtunda ndithu, madzi ali chuchuchu, ndi pamene anatembenukira amuna awo.

“Mapanga awiri avumbwitsa.”

Bodza langa ndi mvula yokhayo. Unali Okutobala. Chimene chinanyowetsa a Dzimbiri linali thukuta.