Mbedza za m'thumba la Bizeki

Mwambi uwu, umene inu mumangoutchula osadziwa kumene unachokera, unayamba motere. Ikani kaye mafoniwo pansi, ine sindibwereza.

Kumunsi kwa Shire kunali msodzi wina wosakwatira dzina lake Bizeki. Sanali munthu woipa ayi, koma anali ndi nthenda ya chidwi. Nkhuku ikalira kwa eni ake, iye ankafuna kudziwa chimene yaona.

Mkulu wake pobwera kuchokera ku Joni anamubweretsera jekete ndi kansomba kapulasitiki konyengera mcheni, nsomba yamano ija. Pamimba ndi kumchira kwa kansombako kunali mbedza za mano atatuatatu. Bizeki anavina. "Mano asanu ndi limodzi! Nsomba ithawira kuti?"

Ataponya koyamba anakola namasupuni. Ataponyanso anakola bango. Mcheni utaluma, unalumpha, kupukusa mutu, n'kulavula kansombako ngati phala lotentha. Bizeki anapita nako kwa a Chapo, mkulu wokonza njinga amene anakalambira pamadzi.

"Achimwene, kansomba aka n'kolodzedwa kodi?"

"Sikolodzedwa. Pakamwa pa mcheni ndi fupa lokhalokha. Mano atatu amagawana mphamvu, ndiye palibe limene limalowa. Tiikepo mbedza ya dzino limodzi, yaikulu, nsonga iyang'ane kumwamba kuti isamakole udzu."

"Dzino limodzi lipose atatu? Zimatheka bwanji?"

"Kafunse mcheni."

A Chapo anatsegula timphete ndi chopanira chawo, nachotsa mbedza zakalezo, n'kuika zatsopano. Mawa lake Bizeki anabwera ndi nsomba zitatu zazitali ngati mkono. Koma a Chapo anali atamuuza kuti, "Zakalezi ukataye pakati pa mtsinje. Zili ndi timinga toyang'ana kumbuyo, zikalowa m'thupi sizituluka mwaulemu." Bizeki anavomera ndi pakamwa, mbedzazo n'kuzisunga m'chitini.

Masiku amenewo anali akufunsira Esinala, mwana wa a Nachanza, ndipo ankakawalimira kudimba kuti aone ngati ndi mwamuna wogwira khasu. Bizeki ankamukonda mkaziyo zenizeni, usiku ndi usana pakamwa pake panali Esinala. Akafika m'mawa ankapachika jekete pakhonde pa a Nachanza, m'thumba lakumanja muli mtedza wokazinga woti adye poweruka. Poweruka ankapeza m'thumbamo muli mbee. Tsiku loyamba anati mwina anaiwala. Lachiwiri anayamba kukayika. Lachitatu nthenda ija inamugwira pakhosi.

Panyumbapo pankakhala anthu awiri okha, Esinala ndi amayi ake. Nanga munthu ungafunse apongozi ako kuti, "Kodi ndinu mukundidyera mtedza?" Sakanatha. Munthu wanzeru akanangoleka kunyamula mtedzawo. Koma Bizeki, mutu wake umenewo, anatsegula chitini. Anasokerera mbedza ziwiri zija kukamwa kwa thumba, nsonga zitayang'ana pansi, kuti dzanja lizilowa bwinobwino koma potuluka likambe zina.

Anapachika jekete, napita kudimba. Tsiku lonse analima khutu lili kumudzi, kudikira mkuwo. Kunali zii. Mawa lakenso zii, koma akasuzumira m'thumba mtedza osaupeza. Bizeki anafika poonda ndi maganizo.

Loweruka linali tsiku loti ankhoswe akumane, akambe za ukwati. Amalume ake, a Lingisoni, anamufulumizitsa. "Vala jekete tizipita, akuluakulu sadikiritsidwa." Atalowa pabwalo la a Nachanza n'kuona anthu atakhala pamphasa, mantha anamugwira, thukuta kuti chuu. Anaponya dzanja m'thumba kufuna kampango kopukutira nkhope. Dzanja linalowa bwinobwino, monga mmene iye mwini anakonzera. Atati alitulutse, anaona nyenyezi masanasana.

A Fombe, amalume ake a Esinala, anaimirira n'kutambasula dzanja. "Takulandirani, bambo."

Bizeki anapereka lamanzere.

Inu ana a masiku ano mwina simukuona chodabwitsa, koma kupatsa moni wamkulu ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba, kunali ngati kumulavulira. A Lingisoni anamunong'oneza, "Tulutsa dzanjalo, ukundichititsa manyazi!" Bizeki anangomwetulira, mano ali gwa.

Anakhala pansi. Itafika nthawi yoomba m'manja kuthokoza eni mudzi, anthu onse anaomba, iye n'kumadzimenya pantchafu ndi dzanja limodzi. Esinala anabwera ndi beseni la madzi, nagwada patsogolo pake kuti asambe m'manja. Bizeki anaviika zala zakumanzere, misozi ili mbwembwembwe.

"Taonani chikondi," anatero mayi wina. "Mpaka kulira!"

Koma a Fombe sanaseke. "A Lingisoni, tisanapitirire, ndili ndi funso. M'thumba mwa mphwanuyu muli chiyani choposa ife tonse takhala pano?"

"Palibe, bambo, ndi chibwana chabe," anayankha a Lingisoni. Anagwira chigongono cha Bizeki ndi manja awiri n'kukoka mwamphamvu.

Mkuwo umene Bizeki anaudikira masiku awiri kudimba unamveka tsopano, mpaka tsidya la mtsinje. Agalu anauwa, ana anathawa. Munthu wina anathamangira a Chapo, amene anafika ndi lezala ndi chopanira chawo. Atang'amba thumba n'kuona mbedza zakale zija zitamira m'zala zitatu, anangopukusa mutu. "Pakati pa mtsinje ndi pano?"

Kuti afike bwino pa dzanjalo anang'ambanso nsalu ya mkati mwa jekete. Pamenepo mtedza unakhuthuka, waa, wa masiku onse aja, nkhuku n'kuthamangira. Thumbalo linali ndi kabowo pakona, ndipo mtedza unkangogwera m'kati mwa jekete. Bizeki ankayenda nawo tsiku lililonse, uku akufunafuna wakuba.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo zikanathera pomwepo, chifukwa uchitsiru wokha suthetsa ukwati. Koma a Nachanza anatola mbedza imodzi n'kuiyang'anitsitsa.

"Bambo, jekete iyi imapachikidwa pakhonde panga. Pakhomo pano timakhala awiri, ine ndi mwana wangayu. Mbedzazi mumatchera ndani?"

Bizeki anayang'ana amalume ake, amalume ake anayang'ana nkhuku.

"Amayi, ine ndimangofuna kudziwa."

"Ndiye mwadziwa," anatero Esinala. Anataya madzi aja pansi, natenga beseni lake n'kulowa m'nyumba. Sanatulukenso, ndipo ukwati unathera pamphasa pomwepo. Kunena zoona ine ndimamumvera chisoni Bizeki, pakuti zala zinapola pa sabata ziwiri koma za Esinala sanaiwale mpaka imvi.

A Lingisoni anayesa kupepesa, kunena kuti n'tsoka chabe. A Fombe anapinda mphasa yawo, nayang'ana dzanja lomangidwa sanza lija, n'kunena kuti, "Tsoka ayi, bambo. Mbedzazi sizinasochere. Choipa chitsata mwini."