Yunifomu ya kampani ndi mkanjo wa Nabanda

Chinali chaka cha 2021, ndili ndi zaka 59. Ine si munthu wolakwalakwa. Koma tsiku limenelo ndinalakwa, ndipo ndinena kamodzi kokha.

Ndinalondera nyumba yosanja kudziko lakunja, ku West Bay, zaka zisanu ndi chimodzi. Kontirakiti itatha ndinati basi, ndikupita kwathu, sindibweranso. Lamulo linali litasintha, wantchito sankapemphanso chilolezo cha bwana kuti atuluke m'dziko. Ine ndinati ndiye kuti palibenso wondifunsa kanthu.

Zovala zanga zonse ndinazitumiziratu pa sitima ya katundu. Ndinangotsala ndi mayunifomu awiri. Cholinga changa chinali chokatsika ku Lilongwe ndili ndi nyota paphewa, akwawo kwa mkazi wanga aone. (Alamu anga ankauza anthu kuti ndimatsuka mbale.)

Sutikesi inatsala yopanda kanthu. Ndinatchula zimenezi Lachisanu kutchalitchi ku Abu Hamour, ndipo pofika madzulo inali itadzaza ndi timaphukusi ta anthu topita kumudzi.

Tsiku la ulendo ndinapita ku ofesi kukatenga tikiti. Pepala loyezetsa korona linali m'thumba, lotha mphamvu madzulo omwewo. Mlembi anati tikiti imatuluka wa kusitolo akasaina kuti katundu wa kampani wabwezedwa.

Wa kusitolo anali bambo woonda wa ku Nepal. Anatsegula mndandanda.

"Shati ziwiri."

Ndinamupatsa imodzi. Analoza pachifuwa panga.

"Iwe, lamulo linasintha," ndinatero.

"Lamulo la boma, baba. Shati ndi ya kampani. Yalla, fulumirani."

Ndinavula shati. Anafuna buluku, lamba, jombo, chipewa ndi wezulo. Ndinatsala ndi vesiti, kabudula wamkati ndi masiki. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nayang'ananso mndandanda. Masiki anandisiyira.

Akaunti ya kubanki ndinali nditatseka, anzanga onse ali pa shifiti, ndege inyamuka pakatha maola atatu. Ndinatsegula sutikesi ya anthu. Munali mafuta onunkhira, mafoni, tinsapato ta makanda, masilipasi a pinki. Chovala cha munthu wamkulu chinali chimodzi: mkanjo wakuda, wa mikanda m'manja, umene amavala akazi a kumeneko. Unali wa Nabanda, wogwira ntchito ya m'nyumba ku Pearl, ankatumizira amayi ake.

Ndinamuimbira.

"Mwanawe, ndikubwereka mkanjo uja."

"Mukufuna kupatsa ndani, abambo?"

"Sindikupatsa munthu."

Ndinamva akuitana mnzake.

"Valani, abambo. Koma poyenda muzikweza pang'ono kutsogoloku, mungagwe. Ndiye munditumizire kachithunzi."

Ndinadula foni. Ndinavala mkanjo ndi masilipasi aja. Unandikwana bwino, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Woyendetsa takisi ananditsegulira chitseko cha kumbuyo. Pabwalo la ndege mlonda (ntchito yanga yomwe!) anandilozera mzere wa amayi. Ndinati ndine mwamuna. Anayang'ana mikanda, anayang'ana masilipasi, anaitana mkulu wake. Anandiuza kuti nditsitse masiki. Ataona ndevu za imvi anati, "Khalas, pitani," nkhope atayang'anitsa kukhoma, mapewa akugwedezeka.

M'ndege mayi wina anandipatsa mwana kuti ndimugwirire. Ndinamugwira. Anagona mpaka pobwera chakudya.

Ku Lilongwe anandichingamira mkazi wanga ndi alamu awiri, omwe aja. Ndinawayandikira ndikukweza mkanjo kutsogolo monga anandilangizira Nabanda. Mkazi wanga anandidziwa ndi kayendedwe. Anapinda maondo mwaulemu.

"Mwayenda bwanji, mayi? Nanga amuna anga mwawasiya kuti?"

Mlamu wamkulu sanaseke. Anangoti, "Bola mukanatsuka mbale, alamu."

Katundu wa pa sitima anafika patatha miyezi isanu. Nthawi yonseyo ndinkavala buluku la mlamu yemweyo, lolekeza m'akakolo.

Sindinena kuti ndinaphunzirapo kanthu. Yunifomu ija ndinaigwirira ntchito, inayenera kukhala yanga.

Zimene ndinataya ndi izi: shati ziwiri, mabuluku awiri, lamba, jombo, chipewa, wezulo. Mkanjo amayi a Nabanda anaukana, akuti unatanuka m'mapewa. Ndinatayanso dzina. Kumudzi kwathu ngakhale abusa amanditcha Nabanda.