A Bilimankhwe ndi Paipi Yanga

Mlamu wanga sankadziwa kukwera, koma moyo wawo wonse wa ukalamba anauthera pa paipi ya shopu yanga. Anthu ankawatchula a Bilimankhwe, ndipo dzinalo silinawalakwire.

Atapuma pantchito ya ulonda, anasonkhanitsa madala anzawo kuseri kwa shopu yanga yosokeramo zovala. Ndodo zoyendera ankazitembenuza, kokhota pansi, n'kumamenya kachitini ka polishi ngati mpira. Iwo ankati ndi hoke. Malamulo panalibe, goli inali njerwa ziwiri, ndipo woyimbira anali aliyense wokuwa kwambiri. Zonsezo ndikanapirira, koma mlamu akamenya, kachitini kankathera padenga langa.

Ndiye mumve kakweredwe kake. Ankakumbatira paipi yotsitsa madzi a mvula ngati m'bale wochokera kutali, mawondo kupana, mimba kukhula khoma, kukwera pang'ono, kutsetsereka kwambiri. Paipi inkapindika, mvula ikagwa madzi n'kulowera pazenera, nsalu za anthu n'kunyowa.

"Mlamu, tsikani, mundithyolera paipi."

"Ndafika kale, mlamu."

"Mwafika kuti, zidendene zanu zikadali pazenera langa?"

Ndinagula makwerero. Anawayang'ana ngati ndawatukwana. "Amenewo ndi a anthu okonza magetsi. Ife ndife amasewera."

Ndinapaka paipi girisi. Tsiku limenelo anatsetsereka mpaka kukhalira chidebe, buluku lonse bii, kumbuyo kutang'ambika, n'kulowa m'shopu kuti ndiwasokere. Ndinakadandaula kwa achemwali anga, akazi awo. Iwo anangoti, "Iwe pirira. Asanapeze paipi yakoyo ankandithyolera mapapaya kunyumba."

Diresi la mkwatibwi litanyowa ndi madzi a dzimbiri, zinandikwana. Ndinaitana pulambala kuti adzazule paipiyo, ayike ina kutsogolo kumene madala safika. Mlamu ndinawauza pamaso, ndipo madzulo amenewo kachitini katakwera padenga ndinaima pansi pa paipi ndi sizasi m'manja. Anandiyang'ana, anayang'ana denga. "Chabwino, ndidzakatenga mawa mukadzazizira mtima."

Tonse tinkati adzafera papaipi. Anafera pabedi, ali m'tulo, bwinobwino ngati munthu wanzeru, ndipo zimenezo zimandikwiyitsa mpaka lero.

Maliro atatha, madala anabwera kamodzi, ndodo atazigwira moyendera. Anayang'ana padenga, anayang'ana makwerero anga, palibe anawakhudza, n'kubalalika. Pulambala atafika ndi paipi yatsopano ndinamuuza kuti ndatanganidwa, adzabwerenso. Wabwera kangapo, yankho langa ndi lomwelo.

Madzi akulowabe pazenera, nsalu ndimazisunthira pakona. Kuseri kuli zii, ndipo ndimawasowa mlamu wanga, ngakhale achemwali sindinawauze. Mphepo ikawomba, kachitini kamagubuduka pamalata, ine n'kuimitsa makina, pakamwa patatseguka kale kuti ndikalipe. Ndikasuzumira pazenera, palibe chidendene cha munthu.